Filimu siyesedwa ndi ndalama za pachipata

Dzulo usiku ndinapsa mtima, ndipo mpaka pano sunatsike. Alamu anga anabwera kudzacheza n'kundipeza ndikuonera pa laputopu filimu ya ku India yotchedwa Kaagaz Ke Phool, ya dayilekitala Guru Dutt. Anayang'ana mphindi zosakwana 10, kenako anatulutsa foni n'kuyamba kufufuza. Akuti, "Alamu, mukuonongeranji magetsi? Apa alemba kuti filimuyi inagwa, anthu sanaifune. Ndiye kuti ndi yachabechabe basi. Tiikeni ya ndewu."

Yachabechabe chifukwa sinabweretse ndalama? Zimenezo ndikukana lero, ndipo ndidzakananso mawa. Ndalama za pachipata zimangotiuza kuchuluka kwa anthu amene anagula matikiti sabata imeneyo. Sizitiuza ngati ntchitoyo inali yabwino. Matikiti ndi matikiti, luso ndi luso.

Alamu, munthu amene mumamunyozayu mukumudziwa? Guru Dutt anabadwa mu 1925, anaphunzira kuvina kusukulu ya Uday Shankar ku Almora, anagwirako ntchito yolumikiza mafoni ku Calcutta, kenako analowa ku kampani ya Prabhat ku Pune n'kumakonza magule a m'mafilimu. Kumeneko ndi kumene anapalana ubwenzi ndi wosewera m'mafilimu Dev Anand, yemwe anadzamupatsa mwayi wokhala dayilekitala wa filimu ya Baazi mu 1951. Mu 1957 anatulutsa Pyaasa, anthu anadzaza m'maholo, ndalama zinalowa. Mu 1959 anatulutsa Kaagaz Ke Phool, m'maholo munali mbee. Dayilekitala yemweyo, wojambula yemweyo V. K. Murthy, wosewera wamkazi yemweyo Waheeda Rehman, nyimbo za S. D. Burman yemweyo. Tandiuzani tsopano, m'zaka ziwiri zokha luso la anthu onsewa linauluka n'kupita kuti? Silinapite kulikonse. Anthu ankafuna zowasangalatsa, iyo inali yachisoni kwambiri, nkhani yake ndi yomweyo.

Mukanakhala chete pang'ono mukanaona chimene ndimafuna muone. Muli malo ena m'filimumo pamene situdiyo yonse ili mumdima, ndiye kuwala kumodzi kokha kukutsika kuchokera kudenga ngati mzati, fumbi likuyandama m'kati mwake, mwamuna waima uku, mkazi waima uko, sakuyandikirana. Kuwala kumeneko ndi dzuwa lenileni. Murthy analikokera m'nyumbamo ndi magalasi oyang'anira, lina panja lina m'kati. Kunalibe kompyuta yoti iwathandize. Ndipo iyi ndi filimu yoyamba ya ku India kujambulidwa mu CinemaScope, chithunzi chotambalala chija. Ine ndikafika pamenepo ndimabweza kawiri katatu. Inu munali pa foni kuwerenga za ndalama.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti maganizo ngati anuwa ndi amene anamuthyola msana munthuyu. Filimuyi itagwa, Guru Dutt sanalembetsenso dzina lake ngati dayilekitala pa filimu ina iliyonse. Anapitiriza kusewera ndi kulipirira mafilimu, Chaudhvin Ka Chand ya 1960 inabweza ndalama zambiri, koma pampando wa dayilekitala anakhazikapo ena. Pa 10 Okutobala 1964 anamupeza atamwalira m'nyumba mwake ku Bombay, ali ndi zaka 39 zokha. Zaka 39! Ndipo filimu yomwe anthu anaikanayo imakamba za dayilekitala wotchuka amene anthu amutaya ntchito yake ikasiya kugulitsa, n'kukafera pampando wake m'situdiyo yopanda anthu, atakalamba, atasauka. Anawajambulira khalidwe lawo lomwe, iwo osaliona.

Mawu a akulu akoma akagonera. Filimu yomwe inagwayo lero imaphunzitsidwa m'masukulu a zamafilimu. Magazini ya Time mu 2005 inaika Pyaasa pa mndandanda wa mafilimu 100 opambana. Murthy anadzalandira mphotho ya Dadasaheb Phalke, yapamwamba kwambiri pa zamafilimu ku India, ndipo anali wojambula woyamba kuilandira. Nanga mafilimu ambirimbiri amene anadzaza maholo mu 1959 ali kuti? Ambiri palibenso amene amawatchula. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndiye musandiwerengere ndalama ngati tili pa golosale. Chinthu chikhoza kugwa pamsika chili chabwino, chikhoza kugulitsa chili chopanda kanthu. Ngati simunaikonde nenani kuti simunaikonde, ndi ufulu wanu, koma muyambe mwaionera mpaka kumapeto. Musaweruze thukuta la munthu ndi nambala yomwe mwaiona pa foni mphindi imodzi.

Ndipo pamene ndayamba kale kulankhula, inunso omasulira mafilimu achimwenye m'Chichewa mundimve. Ntchito yanu timaikonda, yathandiza ambiri kumva nkhani. Koma bwanji mumadula mayina a kumayambiriro? Filimu ikungoyamba, inu mwalumpha kale, mukufuula dzina lanu ndi nambala yanu ya foni. Nyimbo ikafika mukulankhula pamwamba pake kapena mwaichotseratu. Mwana wa m'vidiyo sho amadziwa dzina la womenya ndi dzina lanu, koma mufunseni amene anapanga filimuyo, angokuyang'anani. Siyani kudula mayina a eni ake.