Chenjezo kwa anyamata amene mukubisa mfuti pakakolo ndi m'jombo

Ana anga, makamaka inu amene mukukhala ku Joni kuno, ndakhala chete nthawi yaitali, koma zimene ndinaona pa mwambo wina wa chinkhoswe mwezi wathawu zandikakamiza kulankhula. Mnyamata wina, amene dzina lake sindilitchula chifukwa makolo ake ndi anthu aulemu, anakhala pa mpando n'kupingasa miyendo, buluku n'kukwera m'mwamba, ndipo chigwiriro cha mfuti chinaonekera pamwamba pa sokosi. Iye anali kalikiliki ndi nkhani za mpira, botolo lili m'manja. Amene anaiona mfutiyo poyamba ndi kamwana kokwawa, ndipo kanali katatambasula kale dzanja pamene mayi ake anakanyamula. Nditamuitanira pambali mnyamatayo, yankho lake linali lakuti anaiwala kuti wavala mfuti. Yankho limenelo ndi limene landisowetsa tulo.

Mfuti ya m'chiuno imakukumbutsani yokha kuti ilipo, chifukwa mukakhala pansi imakubayani ndipo chigongono chanu chimaikhudza kawirikawiri. Ya pakakolo ili kutali ndi maso, kutali ndi manja, ndipo mwendo ukazolowera kulemera kwake, mwiniwake amayenda ngati wavala sokosi chabe. Komatu kumene mwaibisa kumeneko n'kumene kumasewera ana. Munthu wamkulu sayang'ana kumapazi kwa mnzake, koma mwana wa miyezi isanu ndi inayi dziko lake lonse lili kumapazi komweko, ndipo chilichonse chachilendo amachikoka kapena kuchiika m'kamwa.

Lamulo la dziko lino la South Africa, lotchedwa Firearms Control Act la chaka cha 2000, limanena momveka pa gawo 84 kuti mfuti yaing'ono ikamanyamulidwa pagulu iyenera kukhala m'chimake chopangidwira ntchito imeneyo kapena m'chikwama choyenera, ikhale yobisika kwathunthu, ndipo woinyamulayo athe kuilamulira mokwanira. Ambiri a inu mwamvapo za kubisa kokhako. Nanga kulamulira kuli pati pamene mfuti ili pansi pa tebulo, inu muli pa botolo lachinayi, ndipo simukudziwa ngati lamba wake akadali womanga? Lamulo lomwelo limati kugwira mfuti utaledzera ndi mlandu, ndipo kuitaya chifukwa cha kusasamala ndi mlandunso.

Chimene chandikwiyitsa koposa ndi anthu amene angolowetsa mfuti m'jombo popanda chimake chilichonse, kapena kuipanikiza ndi sokosi ngati mmene amayi amabisira ndalama za kumsika. Ntchito yaikulu ya chimake chabwino ndi kuphimba kachitsulo kamene munthu amakoka powombera, kuti pasalowe chala, chingwe cha nsapato kapena nsalu yopindika. Mfuti zambiri za masiku ano, monga za mtundu wa Glock zimene anyamata mumazikonda, zilibe kabatani kapambali kotsekera. Chitetezo chake chili mkati ndi pa kachitsulo komweko, ndipo chinthu chilichonse chikakakoka ndi mphamvu ya makilogalamu awiri ndi theka kapena kupitirirapo pang'ono, chipolopolo chimatuluka. Mfuti sidziwa ngati chaikoka ndi chala cha mwiniwake kapena mkombero wa jombo. Ndipo kamwa lake nthawi yonseyo laloza kuphazi kwanu, kumene kuli timafupa tambirimbiri timene madokotala amavutika kutilumikiza tikaphwanyika.

Mukuti mfuti singagwe? Mu June 2018, mumzinda wa Denver ku America, wapolisi wa FBI, bungwe lofufuza milandu la dzikolo, munthu wophunzitsidwa bwino kuposa aliyense wa inu, ankavina pamalo ena omwera mowa ndipo anadumpha n'kutembenuzika chagada m'malere. Mfuti inasolomoka m'chiuno n'kugwa pansi, ndipo pamene ankaitola mwachangu inalira n'kuvulaza munthu wina pamwendo. Zaka khumi m'mbuyo mwake, mu November 2008, katswiri wa mpira wa ku America Plaxico Burress anadziwombera yekha pantchafu m'nyumba ya zisangalalo ku New York pamene ankafuna kugwira mfuti imene inkatsetsereka mu buluku lake, ndipo pamwamba pa balalo analamulidwa kukakhala kundende zaka ziwiri. Onsewa mfuti zawo zinali m'chiuno, pafupi ndi dzanja. Mwendo ndiye umagwedezeka kuposa chiuno: mukuthamangira takisi, mukudumpha ngalande, mukukwera masitepe, mukuvina. Lamba akangotha mphamvu, mfutiyo idzatsala pamsewu inu osamva kanthu, ndipo wotolayo adzakhala mwana wa sukulu kapena tsotsi.

Ena mumati mumanyamula kuti mudziteteze. Chabwino, tiyeni tikambirane zimenezo mwachilungamo. Kuti muifikire mfuti ya pakakolo muyenera kuima, kuwerama kapena kugwada, kukweza buluku ndi dzanja limodzi ndi kusolola ndi linalo, mutu wanu uli pansi kutsogolo kwa munthu amene mukumuopayo. Simungaisolole mukuthawa, ndipo simungaisolole wina atakugwirani pakhosi. N'chifukwa chake apolisi a kumaiko kumene kavalidwe aka kanafala amaika pakakolo mfuti yachiwiri, yongothandizira ikalephera ya m'chiuno, ndipo amachita kuphunzira mobwerezabwereza. Inu mwangoonera pa kanema ndi pa TikTok basi. Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Onjezanipo fumbi, matope a nthawi ya mvula ndi thukuta, zimene zimalowa m'mfuti yokhala pafupi ndi nthaka tsiku ndi tsiku. Amene saipukuta adzaipeza itachita dzimbiri pa tsiku lomwe akuifuna.

Pali nkhani ina imene tonse timaidziwa koma timaopa kuitchula. Kuti munthu apeze chiphaso cha mfuti m'dziko lino ayenera choyamba kupeza satifiketi yosonyeza kuti ndi woyenera, ndipo imeneyo imaperekedwa kwa nzika kapena kwa amene ali ndi chilolezo chokhala kuno mpaka kalekale, kawirikawiri wa zaka 21 kapena kuposerapo. Tikayang'anana bwinobwino, ndi angati mwa ife amene ali ndi mapepala otere? Ndiye kuti mfuti zambiri zimene zikubisidwa m'jombozi n'zobwereka, zogula kuseri, kapena za kuntchito ya ulonda zimene sizinayenere kupita kuphwando. Kupezeka ndi mfuti yopanda chiphaso kungakutsekereni m'ndende mpaka zaka 15, ndipo mfuti yogula kuseri simudziwa kuti inapha ndani isanafike kwa inu. Akatswiri a polisi akaiyeza n'kupeza kuti zipolopolo zake zikufanana ndi za mlandu wina wakupha, mudzafotokoza chiyani? Kumudzi amayi anu akudikira ndalama ya feteleza, inu mukuwerenga zaka ku Sun City, osati kohotela kuja koma kundende ya ku Johannesburg imene anthu anaipatsa dzina lomwelo. Musaganizenso zoiwolotsa pa Beitbridge ndi pa Mwanza popita kutchuthi, chifukwa chiphaso cha kuno sichigwira ntchito kwathu.

Kwa inu ochepa amene muli ndi ziphaso zenizeni, ndipo pazifukwa zanu mwasankha kavalidwe kameneka, ndikupemphani zinthu zosavuta. Gulani chimake cholimba chopangidwira mfuti yanuyo, chokhala ndi lamba wogwira bwino, ndipo muziyang'ana lambayo m'mawa uliwonse. Mfuti ikagwa, isiyeni ifike pansi, musaiwakhe m'malere. Mukafika kunyumba, musanavule nsapato ndiponso ana asanakuthamangireni kumiyendo, lowani kuchipinda mukaitsekere m'sefa, bokosi lachitsulo lokhoma, monga lamulo likunenera. Ndipo tsiku limene mukupita kuchinkhoswe, kumaliro kapena kulikonse kumene mukudziwa kuti mukamwa, mfutiyo itsale m'sefa momwemo.

Mnyamata uja ndinamuuza kuti pakhomo panga asadzafikenso ali ndi chinthu chimenecho kumwendo, ndipo akadzabwera ndidzayamba ndamuuza kuti akweze buluku ndisanamupatse mpando.