Ndege ikavulala mlengalenga, tisasiyire woyendetsa yekha

Pa 19 Julaye 1989 injini ya kumchira ya ndege ya United Airlines, ya mtundu wa DC-10, inaphulika ili mlengalenga. Zidutswa zake zinadula mapaipi onse atatu a haidiloliki, aja a mafuta amene amakankha timapiko tokhotetsera ndege. Anaika atatu kuti amodzi akafa ena agwire ntchito, koma onse ankadutsa pafupi ndi injini yomweyo. Chiwongolero chinasiyiratu kumva.

Woyendetsa wamkulu Al Haynes ndi anzake anatsala ndi injini ziwiri za m'mapiko basi. Akafuna kukhotera kumanzere ankaonjezera mphamvu ya injini ya kumanja, akafuna kukwera ankaonjezera zonse ziwiri. Anakafika ku Sioux City, mzinda wa ku America, ndege inasweka potera, koma mwa anthu 296 oposa 180 anapulumuka. Mu 1985 oyendetsa a Japan Airlines anayesa zomwezi kwa mphindi zoposa 30 pa Boeing 747, inakagunda phiri, anthu 520 anafa.

Chimene chimandipweteka n'chakuti njira inapezeka kalekale. Vuto la kuwongolera ndi injini n'lakuti imachedwa kuyankha. Munthu akaonjezera mphamvu amadikira, ndege yayamba kale kukwera n'kutsika ngati bwato pa mafunde, iye n'kumangokonza mochedwa. Kompyuta imatha kuwerengeratu kuchedwako. A NASA, bungwe la ku America lofufuza za mlengalenga, anachita zimenezi, ndipo mu Ogasiti 1995 woyendetsa wawo Gordon Fullerton anateretsa ndege ya mtundu wa MD-11 ku Edwards, California, iye akungouza kompyuta komwe akufuna, iyo n'kumagawa mphamvu ku injini.

Koma m'ndege zonyamula anthu njirayi sanaiike. Mu 2003 ndege ya katundu ya DHL itawomberedwa ku Baghdad n'kutaya haidiloliki yonse, oyendetsa anateranso ndi manja awo, mwa luso ndi mwayi.

Sindikukana, opanga ndege sanangokhala. Anaika mavavu otseka paipi ikaboowoka kuti mafuta onse a haidiloliki asathe, ndipo Airbus A380 ili ndi zokankhira timapiko za magetsi pambali pa za haidiloliki. Akuti ngozi yotaya zonse imachitika kamodzikamodzi kwambiri moti ndalama zake sizingabwerere. Ine pamenepo sindikugwirizana nawo. Injini za masiku ano zimalamulidwa kale ndi kompyuta, chiwongolero cha ndege zambiri zatsopano chimodzimodzi. Zida zambiri zili kale m'ndegemo, chotsala n'kuzilumikiza, kuziyesa ndi kuzivomereza. Mabungwe oyang'anira za ndege, a FAA a ku America ndi anzawo a ku Ulaya, akanangolamula kuti ndege yatsopano iliyonse izibwera nayo njirayi.