Ku Chipata amafunsa nambala ya simenti, kwathu timangofunsa mtengo

Mwezi wathawu ndinagumula lintala (mtanda wa konkire wopingasa pamwamba pa chitseko) ya pakhomo la nyumba imene ndikumanga ku Mchinji, itangotha miyezi inayi chiithirireni, chifukwa inang'aluka pakati penipeni ndipo m'mbali mwake munkanyenyeka ndikangokanda ndi msomali. Nditaona matumba otsala, ndinapeza kuti konkire yonseyo anaikanda ndi simenti yomangira njerwa ndi yapulasitala, ija imalembedwa 22.5X. Mmisiri wanga anayankha mosatekeseka kuti, "Bwana, simenti ndi simenti, bola taonjezera fosholo imodzi." Amene anatigulitsa naye sanafunse kanthu, anangowerenga ndalama ndi kukweza matumba pangolo.

Patapita masabata awiri ndinapita ku Chipata, m'dziko la Zambia, kukaona achemwali anga, ndipo alamu anga, amene akumanganso, ananditenga popita kuhadiweya. Mnyamata wogulitsa, asanatchule n'komwe mtengo, anayamba wafunsa ngati simentiyo ndi youmbira mabuloko, yothirira silabu kapena yapulasitala. Alamu atanena kuti ndi ya mizati, iye analoza mulu wa 42.5 nawauza kuti ya 32.5 aisungire ntchito yomangira khoma. Mtima unandipweteka, pakuti funso limodzi lokhalo likanapulumutsa lintala yanga, zitsulo zake ndi malipiro a amisiri. Kunena mosabisa, ku Zambia ngakhale wokankha wilibala amatchula simenti ndi nambala yake, pamene kwathu kuno munthu amamaliza nyumba yonse akungodziwa mtundu wa thumba ndi mtengo wake.

Chonsecho nambalazi sizovuta. Zimasonyeza mphamvu imene simentiyo imafika ikatha masiku 28 chiisakanizireni ndi madzi, ndipo ya 42.5 imapirira kulemera kwambiri kuposa ya 32.5. Chilembo cha N chimatanthauza kuti imalimba pa liwiro la masiku onse, pamene cha R chimatanthauza kuti imagwira msanga m'masiku oyambirira, n'chifukwa chake oumba mabuloko amaikonda. Ya 32.5 imakwanira bwino pa maziko a nyumba wamba, pansi ndi pomangira khoma, koma silabu ya nyumba yosanja, mizati ndi mabimu (mitanda ya konkire yosenza silabu) zimafuna ya 42.5. Ija ya 22.5X muli ufa wambiri wa miyala ya laimu, choncho imafewa m'manja, imasunga madzi ndipo imasalala bwino pakhoma. Pa ntchito yakeyo ndi yabwino zedi, koma sanaipangire kuti isenze denga, ndipo kuonjezera fosholo sikungaisandutse simenti ya konkire.

Ndikaganizira chimene chinatisiyanitsa, ndimaona kuti anzathu a ku Zambia anazolowerana ndi simenti kalekale. Fakitale ya simenti ya ku Chilanga, pafupi ndi Lusaka, inakhazikitsidwa mu 1949 ndipo simenti yake inamanga damu la Kariba, migodi ya ku Copperbelt yakhala ikufuna konkire yolimba kwa zaka zambiri, ndipo mu 2015 kampani ya Dangote inatsegula fakitale ina yaikulu pafupi ndi Ndola. M'matauni awo mabuloko ndi chinthu chakale. Ife tinakulira njerwa zowotcha, kawirikawiri zomangira dothi, ndipo simenti inkangobwera pothira pansi ndi popaka khoma, kumene kusiyana kwa mitundu yake sikuonekera msanga. Kuyambira mu 2018, pamene boma linaletsa njerwa zowotcha pa zomangamanga zake pofuna kuteteza mitengo, mabuloko achuluka ndipo nyumba zosanja zikumera ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, koma nzeru za amisiri ambiri zikadali za nthawi ya njerwa ndi dothi.

Pano ndiyenera kuvomereza kuti vuto si simenti yathu. Shayona ku Kasungu, fakitale ya ku Njereza ku Mangochi ndi Portland ku Blantyre amapanga mitundu yosiyanasiyana, ndipo nambala zimalembedwa pathumba lililonse la makilogalamu 50. Sindigwirizana ndi anthu amene amalumbira kuti thumba lililonse lodutsa pachipata cha m'malire cha Mwami kuchokera ku Zambia ndi lamphamvu kuposa lathu, pakuti simenti yakunja nayonso ikakhalitsa pachinyezi imafika ili ndi zibuma, mphamvu yake itachepa. Ku Chipata komweko ndinaona mabuloko ofumbutuka m'makona, umboni woti nakonso alipo amene amakoka thumba limodzi kuti litulutse mabuloko ochuluka kuposa muyezo. Amene anagwirapo ntchito ya zomanga ku Johannesburg anganene kuti kumeneko amasamala koposa, koma si kumeneko kumene kunandichititsa manyazi. Kunandichititsa manyazi ku Chipata, tauni imene tikulankhula nayo chilankhulo chimodzi ndipo ili pafupi ndi Mchinji kuposa Lilongwe.

Lintala ija tinaithiranso ndi 42.5N, mchenga wamumtsinje wosefa ndi miyala yoswa yopanda dothi. Ndinaithirira madzi m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7, ndipo ndinakaniza amisiri kuchotsa mitengo yochirikiza ngakhale ankafulumira kuti ayambe denga. Matumba a 22.5X otsala aja ndinawasanja pathabwa kuchipinda china, ndinatseka ndi loko, ndipo kiyi ndikusunga ndekha mpaka tsiku limene tidzayambe pulasitala.