Chenjezo kwa inu amene mukugula tiagalu chifukwa chokopeka ndi zithunzi

Ndaweta agalu kwa zaka zambiri, aakulu ndi aang'ono omwe, ndipo ena amene ndinkawakonda kwambiri ndinawakwirira ndi manja anga, choncho musandione ngati munthu wodana ndi ziweto. Chimene chandilembetsa ndi khalidwe limene lafala masiku ano, loti munthu akangoona pa Facebook kapena pa Instagram chithunzi cha kagalu ka maso aakulu, katavekedwa kamalaya, tsiku lomwelo akutumiza ndalama kwa wogulitsa amene sanakumanepo naye, osafunsa kuti galuyo ndi wa mtundu wanji, osafunsa za mayi wake, osadzifunsanso yekha ngati ali ndi nthawi yomusamalira. Ana anga, akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma pa nkhani iyi amene akuvutika kwambiri ndi cholengedwa chosalankhula, chimene sichinasankhe kulowa m'nyumba mwanu.

Muzu wa vutoli ndi maganizo akuti galu akachepa thupi ndiye kuti ntchito yomuweta yachepanso. Agalu aang'ono kawirikawiri amakhala moyo wautali kuposa aakulu. Chihuahua, amene dzina lake linachokera ku dera la Chihuahua m'dziko la Mexico ndipo nthawi zambiri salemera kupitirira makilogalamu 3, amatha kufika zaka 15 ngakhale kuposerapo. Ngati mwagulira mwana wa zaka 6 kagalu chifukwa choti analira, dziwani kuti mwanayo adzakwanitsa zaka 20 n'kuchoka pakhomo galuyo adakali moyo, ali wokalamba, maso atachita khungu, akusowa womunyamula kupita naye kwa dokotala wa ziweto. Kodi zaka zimenezo munaziwerenga musanatulutse ndalama, kapena munangowerenga anthu amene adzayamikire chithunzi chanu?

Ambiri mwa inu simudziwanso kuti tiagalu tina timene mukutitsekera m'chipinda kuyambira m'mawa mpaka usiku tinawetedwa kuti tizigwira ntchito yolimba. Jack Russell Terrier anatenga dzina la John Russell, m'busa wa mpingo wa ku England wa zaka za m'ma 1800, amene ankaweta agalu otulutsa nkhandwe kuuna. Dachshund, wa miyendo yaifupi ndi msana wautali uja, anawetedwa ku Germany kuti azilowa pansi pa nthaka kukalimbana ndi nyama yaukali yofanana ndi chiuli, pamene Yorkshire Terrier ankapha makoswe m'mafakitale a nsalu kumpoto kwa England. Magazi amenewo sanathe. Galu wotere mukamusiya yekha tsiku lonse, wopanda woyenda naye ndiponso wopanda chochita, adzauwa mpaka anansi anu atope, adzang'amba mipando ndi kukumba paliponse, ndipo inu mudzamumenya n'kumunena kuti ndi wamisala pamene wolakwa ndi amene anamugula osafunsa.

Chimene chimandiwawa mtima koposa ndi nkhani ya agalu a nkhope yophwatalala, monga Pug, French Bulldog, Pekingese ndi Shih Tzu, chifukwa chimene mukuchikonda pa nkhope yawo ndi chomwecho chimene chikuwazunza. Pofuna kuti galu azioneka ngati khanda, anthu anafupikitsa mafupa a nkhope yake m'mibadwo yambiri, koma mnofu wa m'kamwa ndi wa kukhosi sunachepe mofanana, ndipo mabowo a mphuno anapanikizika, moti mpweya umadutsa movutikira. Mukamumva akuliza mkonono ali maso, kapena akugona chokhala mutu atautsamiritsa pa chinthu, inu mumajambula vidiyo n'kumaseka, osadziwa kuti mukujambula nyama imene ikulimbana kuti ipeze mpweya. Galu satuluka thukuta thupi lonse monga munthu. Amadziziziritsa popuma wefuwefu lilime lili kunja, ndipo amene njira yake ya mpweya ndi yopanikizika sangathe kuchita zimenezi mokwanira kukatentha. Ndinaona ndi maso anga mtsikana wina wapachibale akulira atapeza Pug wake atauma m'galimoto, m'mene anamusiya mawindo atatsekulidwa pang'ono, akuti akubwera posachedwa. Sanali munthu wankhanza, ankamukondadi galuyo, koma chikondi chake chinalibe chidziwitso, ndipo palibe amene anamuuza pogula kuti m'galimoto yoima padzuwa mumatentha mofulumira kwambiri moti galu wotere amatha kufa m'mphindi zowerengeka.

Musaganize kuti ndi nkhalamba yokha imene ikudandaula. Kuyambira m'chaka cha 2019 boma la Netherlands linakhwimitsa malamulo oletsa kubereketsa agalu a mphuno yaifupi mopitirira muyeso, ndipo m'chaka cha 2023 khoti lalikulu kwambiri la ku Norway linagamula kuti kubereketsa Cavalier King Charles Spaniel n'kuphwanya lamulo loteteza nyama, chifukwa cha matenda akumtundu amene afala mwa agaluwo. French Bulldog ambiri sangathe kubereka okha popanda opaleshoni, chifukwa mitu ya ana ndi yaikulu pamene chiuno cha mayi n'chopanikizika. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo aliyense amene akulipira ndalama zambiri chifukwa cha nkhope yophwatalala kwambiri akulimbikitsa wobereketsa kuti aphwatalalitse nkhope ya mwana wotsatira.

Palinso chinyengo cha tiagalu timene ogulitsa akutitcha Teacup. Umenewo si mtundu wa galu, ndi mawu otsatsira malonda basi, ndipo nthawi zambiri amatenga tiana tofooka kwambiri n'kutibereketsa kuti tibale tochepetsetsa. Kamwana ka galu kochepa chotero sikasunga mphamvu m'thupi, moti kakadumphitsa chakudya shuga wa m'magazi amatsika, kamayamba kunjenjemera, kudzandira, ngakhale kukomoka, n'chifukwa chake kamafunika kudya pang'onopang'ono kangapo patsiku. Mafupa a miyendo yake ndi opyapyala kwambiri, ndipo kugwa kuchokera pa mpando kapena m'manja mwa mwana n'kokwanira kuthyola mwendo. Chihuahua ambiri amabadwa ndi liwombo ngati khanda la munthu, ndipo kwa ena silitsekeka mpaka kukula. Ndiye inu mukutenga cholengedwa chotero n'kupatsa mwana wa zaka 3 kuti aziseweretsa ngati chidole, inu muli pa foni m'chipinda china. Mwanayo akachifinya, chidzamuluma kumaso chifukwa cha ululu, ndipo mudzathamangitsa galu m'malo modzidzudzula nokha.

Pa nkhani ya chakudya ndilankhula mosabisa, chifukwa ambiri mukupha ziweto zanu ndi manja achifundo. Chokoleti chili ndi mankhwala achilengedwe otchedwa theobromine amene thupi la galu limachedwa kuwachotsa, ndipo kachidutswa kamene galu wamkulu angapulumuke nako kangathe kudwalitsa koopsa galu wa makilogalamu 2. Mphesa, zaziwisi ndi zouma zomwe, zimatha kuwononga impso zake, anyezi amawononga magazi, ndipo mankhwala a anthu opha ululu monga ibuprofen ndi paracetamol musamupatse mwa nzeru zanu. Kunenepetsa nakonso ndi nkhanza. Dachshund ndi wodziwika ndi matenda a msana, ndipo mukamunenepetsa n'kumamusiya azidumpha kuchokera pabedi, tsiku lina mudzamupeza akukoka miyendo yakumbuyo. Kumbukiraninso kuti galu wamkulu msinkhu ali ndi mano 42, kaya ndi wamkulu thupi kaya ndi wamng'ono, ndipo m'kakamwa kakang'ono manowo amathithikana, zakudya zimatsalira, nkhama zimatupa n'kuyamba kuwola. Fungo loipa la m'kamwa limene mwalizolowera ndi chizindikiro cha matenda, ndipo mankhwala ake otsuka mano ndi a agalu, osati anu. Yorkshire Terrier ndi Pomeranian ambiri ali ndi kholingo lofewa, choncho poyenda nawo muziwamanga lamba wa pachifuwa m'malo mowakoka ndi chingwe cha pakhosi.

Ena mwa inu mukuti kagalu kanu sikafunika katemera chifukwa sikatuluka m'nyumba. Kachilombo ka parvo, kamene kamapha ana agalu ndi kusanza ndi kutsekula m'mimba kwa magazi, kamatha kulowa m'nyumba pa nsapato zanu. Katemera woyamba amaperekedwa galu ali ndi masabata 6 mpaka 8 ndipo amabwerezedwa, pamene wa chiwewe amaperekedwa akafika miyezi itatu. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mwa iwo atalumidwa ndi agalu, ndipo dzino la kagalu kakang'ono limapatsira matendawa mofanana ndi la galu wamkulu. Muleke kuseka pamene kagalu kanu kakulusira alendo, muleke kukanyamula nthawi zonse ngati kalibe miyendo. Kaphunzitseni kuyenda, kumva kuitana ndiponso kukhala bwino ndi anthu ndi agalu ena kadakali kakang'ono.

Ngati mwaganiza mofatsa ndipo mukufunabe galu wamng'ono, kuona maso a nkhono n'kudekha. Pitani nokha kumene kamwanako kanabadwira, mukaone mayi wake akuyamwitsa, mumvetsere mmene akupumira, muone mmene akuyendera, ndipo mufunse khadi la katemera ndi la mankhwala a njoka za m'mimba. Musalandire mwana wa galu amene sanakwanitse masabata 8, chifukwa pa nthawi imeneyo akuphunzirabe kwa mayi wake ndi abale ake. Wogulitsa amene akukana kuti mufike kwawo, n'kumafuna kukupatsirani kagaluko pamsewu kapena pamalo oimika magalimoto, ali ndi chimene akubisa. Ku England, kuyambira m'chaka cha 2020, lamulo lotchedwa Lucy's Law limaletsa amalonda apakati kugulitsa ana agalu osakwana miyezi 6 pa chifukwa chomwechi. Musanyozenso galu wamkulu kale wa kumalo osungira agalu otayidwa, ngakhale wa mtundu wosakanikirana, pakuti khalidwe lake limaoneka kale ndipo simudzagula chinthu chobisika.

Kwa inu amene munagula kale ndipo tsopano mwatopa, ndikukupemphani kuti musakamutaye patali usiku poganiza kuti adzadzipezera yekha chakudya, chifukwa galu amene wakulira pa mpando sadziwa msewu, sadziwa galimoto, ndipo agalu aakulu adzamukhadzula. Pitani naye kwa dokotala wa ziweto sabata ino, amuone mano, mawondo ndi kapumidwe, ndipo ngati mwalepheradi kumusunga, mufunireni banja lina mosafulumira, muwauze zoona zonse za matenda ake ndi khalidwe lake, muwapatsenso khadi lake la katemera.