Sebastião wa ku Portugal akanasiya mwana, zikanasintha chani?

Maganizo anga awa, ofuna kutsutsa atsutse. Anthu okonda mbiri ya ku Ulaya amati mfumu Sebastião ikanangokwatira nkubereka isanapite kunkhondo ku Morocco, Portugal sikanagwa. Ine ndikuti ikanagwabe, mwina mochedwerako pang'ono basi.

Mnyamatayu analowa ufumu ali ndi zaka 3 mu 1557, anakula akungolota zankhondo, za ukwati ankangozemba. Pa 4 Ogasiti 1578 anakafera kunkhondo ya ku Alcácer Quibir ku Morocco ali ndi zaka 24, tsiku lomwelo mafumu atatu anatsikira kuli chete, iyeyo ndi awiri a ku Morocco amene ankalimbirana mpando. Kumudzi kunatsala Henrique, mchimwene wa agogo ake, nkhalamba ya zaka 66 komanso kadinala wa mpingo, ndiye mwana achokera kuti? Anayesa kupempha Papa kuti amumasule akwatire koma sizinatheke, mu 1580 nayenso anapita.

Apa ndi pomwe pamandisangalatsa ine. Amene analanda mpando, Philip II wa ku Spain, mayi ake Isabel anali mlongo wake wa Henrique yemweyo. Ndiye kwathu kuno mlanduwu sukanatenga nkomwe tsiku, amalume amwalira, mwana wa mlongo wawo alipo, mbumba yagwirizana, kwatha. Koma kumeneko anakangana zedi chifukwa kunalinso Catarina wa ku Braganza amene ankadzera kwa bambo ake Duarte, mchimwene wa Henrique, ndi António wa ku Crato, mwana wa kunja kwa banja wa mchimwene wina wa Henrique, amene anthu wamba ankamukonda. Mapeto ake sanaweruze ndi maloya ayi, Philip anatumiza asilikali ndi Duke wa ku Alba nkumugonjetsa António ku Alcântara, mu 1581 ku Tomar akuluakulu anamuvomera Philip kukhala mfumu. Zaka 60 Portugal ili pansi pa mafumu a ku Spain mpaka 1640 pomwe João IV, mdzukulu wa Catarina uja, anautenganso mpandowo.

Tsopano tiyerekeze kuti kamwana kanalipo. Chabwino, Philip sakanapeza chonamizira, ndipo zombo za Armada, zankhondo za Spain zokaukira England mu 1588, mwina sizikananyamukira ku Lisbon. Izo ndavomera. Koma kamwana ka chaka chimodzi kapena ziwiri sikalamulira dziko, kakanafuna woyang'anira, ndipo mabanja akuluakulu a ku Portugal anali atataya ana awo ku Morocco, ena ali akaidi, chuma chikuthera kuwaombola. Woyandikana naye wamphamvu ndani? Philip yemweyo, amene analinso malume ake enieni a Sebastião popeza Joana, mayi ake a Sebastião, anali mlongo wake wa Philip. Olo asanavale chisoti akanamayendetsabe zinthu chakumbali.

Ena amati aDatchi anayamba kulanda malo a Portugal chifukwa choti anali pankhondo ndi Spain. Zoona mbali ina, Philip anawavutitsadi pa malonda a ku Lisbon, ndipo mu 1607 ndi 1608 aDatchiwo anafika mpaka pa chilumba cha Mozambique kudzazinga linga la Apwitikizi, ngakhale analephera. Koma aise, mukuganiza kuti amalonda a ku Amsterdam akanangokhala nkumaonerera tsabola ndi zonunkhiritsa zikulemeretsa anzawo mpaka kalekale chifukwa cha ulemu? Kadziko ka anthu ochepa choncho kugwira Brazil, Goa, Malacca ndi gombe la Africa nthawi imodzi, winawake akanabwera ndithu.

Ndipo amene amalira kuti bola Sebastião mwiniwakeyo akanapulumuka, ife a mbali ya Zambezi tisamawombere nawo m'manja msanga. Ndi mfumu yomweyi imene mu 1569 inatuma Francisco Barreto ndi gulu lankhondo kukafuna golide wa Mwenemutapa, mfumu ya kumwera kwa Zambezi, atatengerapo mwayi pa imfa ya wansembe Gonçalo da Silveira amene anaphedwa mu 1561. Atafika ku Sena malungo anayamba kuwapulula, mahatchi kufa, iwo nkunamizira amalonda achisilamu kuti awathirira chiphe, nkuwapha mwankhanza. Barreto anafera ku Sena komweko mu 1573. Munthu amene sanaphunzirepo kanthu pamenepo nkukadziponyanso ku Morocco, akanakhala ndi moyo zaka zina 40 ndikukayika ngati Sena ndi Tete zikanapuma, ndipo maufumu a Amaravi anali kutsidya kwa mtsinje komweko.

Chondiseketsa nchoti Apwitikizi ambiri sanavomere kuti anafa, ankati adzabwera m'mawa wina wa nkhungu, mpaka anthu anayi anatulukira nthawi zosiyana aliyense akuti ndine Sebastião, wina mwa iwo anali wa ku Italy woti ngakhale Chipwitikizi chinkamuvuta koma anapezabe omutsatira.