Anangumi a ku De Hoop ndi mbuna zathu

Mlamu wanga amene amagwira ntchito ku Cape Town watumiza kavidiyo pa WhatsApp dzulo. Abwana ake anamutenga ulendo wa ku De Hoop, malo otetezedwa a m'mbali mwa nyanja yamchere, mtunda wa maola atatu pagalimoto. Anthu angokhala pamilu ya mchenga woyera, zii, maso ali kumadzi. Mwadzidzidzi chinthu chakuda, kutalika ngati minibasi zitatu mutazindanditsa, vuu! Chikupemerera madzi m'mwamba, kamwana kali pambali. Namgumi.

Amayi ataonera anangofunsa kuti, "Nanga akatha kumuyang'anako, amamudya?" Tinaseka mpaka misozi pakhonde pathu ku Area 25, koma ine funso lija ndagona nalo.

Anangumi amenewa amachokera kumadzi ozizira a kufupi ndi Antarctica, ndipo amafika kugombe la South Africa kuyambira Juni mpaka Novembala kudzabereka. Kale ankaphedwa kwambiri chifukwa cha mafuta awo. Amasambira pang'onopang'ono, akafa amayandama, ndiye alenje sankavutika nawo, mpaka anatsala pang'ono kutheratu. Lero ku De Hoop ngakhale mbedza simungaponye. Ku Hermanus, tauni ina ya m'gombe lomwelo, kuli munthu amene ntchito yake ndi kuliza lipenga kuti alendo adziwe kumene namgumi waonekera. Pakutha pa mwezi amalandira, nyama ija ikadali moyo.

Ife yamchere tilibe, koma kuchoka mu Lilongwe muno kukafika ku Senga Bay ndi maola awiri basi. Ndiye tikafikako timatani? Sipika pamchenga, kanyenya pamoto, zithunzi za pa Facebook madzi akulekeza m'mawondo, madzulo tabwerako. Ndi angati mwa ife amene anamizapo nkhope m'nyanja muja n'kuona zimene zilimo?

Ine ndinachitapo kamodzi kokha, ku Cape Maclear, pafupi ndi chilumba cha Thumbi, ndi magalasi osambirira obwereka kwa mnyamata wa boti. Ndinamwa madzi kaye, ndisaname. Koma nditazolowera, eee! Mbuna, nsomba zing'onozing'ono za m'miyala, zabuluu, zachikasu, zamizeremizere ngati chitenje, zikubudula ndere pamiyala osandilabadira n'komwe. Ina inalavula tiana take m'kamwa, nditasendera pafupi inatibwezanso m'kamwa momwemo. Nsomba zimenezi ndi zimene zinachititsa kuti Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980, ilowe m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Zilumba za Maleri, pafupi ndi Senga Bay pomwepo, zili m'malo otetezedwa omwewa. Kunja anthu amagula mbuna n'kumaziweta m'mabokosi agalasi pabalaza, ife eniake tikungodziwa mtengo wa chambo pamsika.

Msodzi sindikumuimba mlandu ayi. Usipa ndimadya, naye ana ake ayenera kudya, ndipo ku chilumba cha Mbenji, ku Salima konko, asodzi ndi mfumu yawo akhala akutseka nyanja chaka ndi chaka kuti nsomba ziswane. Ndikunena ife am'tauni, amene ndalama ya mafuta agalimoto ndi zakumwa timaipeza, koma mnyamata wa boti akati tiyeni mukaone nsomba timati wadula.

Disembala ikubwerayi ndikutenga ana, ndipo magalasi ndigula anga. Amayi avomera kuti apita nawo, bola pobwera tisaiwale ndowa ya usipa wouma.