Mwaona oyilo mu paipi, basi turbo yafa?

Sabata yatha pa msewu wa M1 pikapu ya dizilo inatsala pang'ono kupha anthu. Inali itangotuluka m'galaja, turbo (chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini) yatsopano, mwini wake atapereka ndalama zankhaninkhani. Atangoponda moto pachitunda, injini inathawa, kutanthauza kuti inayamba kukuwa yokha, utsi uli tolotolo msewu wonse osaoneka. Bamboyo anazimitsa, kiyi n'kuzula, injini osaleka. Inadzaima itamwa oyilo wake yemwe, mabering'i atapsa. Atamasula intercooler, chipangizo choziziritsa mpweya wochokera ku turbo, anapeza yadzaza oyilo wa turbo yakale ija. Palibe amene anaganiza zoichotsa kuti aitsuke. Zoona anthu inu? Mpaka liti?

Ndikunena inu amakaniko achinyamata, komanso inu eni magalimoto amene mumafika pagalaja matenda mutawadziwa kale. Munthu wamasula paipi ya mpweya, wapisa chala, chatuluka chonyowa, pompo chigamulo: "Bwana, turbo yapita." Yapita kuti? Mwaigwira? Mwaona pamene oyiloyo wayambira? Kachinyezi ka oyilo m'mapaipi a injini ya turbo si kachilendo, chifukwa breather, paipi yopumira injini, imatayira nthunzi ya mu sampu (mosungira oyilo pansi pa injini) mu paipi yolowa ku turbo. Chodetsa nkhawa ndi oyilo wochita chithaphwi pansi pa intercooler, utsi wabuluu kumbuyo, ndi injini yofuna kuwonjezeredwa oyilo pafupipafupi.

Dipstick yoyezera oyilo yokhayi kuisolola kumakulemerani? Imikani galimoto pamalo athyathyathya, izime kwa mphindi 10, muone. Alipo amene amathira oyilo kupitirira mzere wapamwamba ati injini ikhute. Ikhute ngati mwana? Oyilo akachuluka, crankshaft, shafti yaikulu yozungulira pansi pa injini, imamutakasa n'kuchita thovu, breather imamutunga, ndipo wochokera ku turbo amasowa kotsikira. Inu a Mazda CX-5 za dizilo zochokera ku Japan, oyilo wanu amakwera yekha chifukwa dizilo amatsikira mu sampu nthawi imene DPF, sefa yogwira mwaye mu ekizosi, ikudziwotcha, makamaka mukamangoyenda timaulendo ta m'tauni. Chizindikiro cha X pa dipstick yanu mumayesa ndi maluwa? Oyilo akafika pamenepo ndi wotaya.

Nanga air filter? Fumbi la mu Okutobala lonseli, inu kumangoimenyetsa pa tayala n'kuibwezera, chaka ndi chaka. Fyuluta ikatseka, turbo imakoka mpweya osaupeza, ndiye imayamwa oyilo wa m'kati mwake momwe. Turbo ilibe seal ya labala ngati ya pa crankshaft. Ili ndi timaring'i tachitsulo tomwe timatchinga oyilo pokhapokha mpweya ukukankha bwino kunja ndipo oyilo akutsika momasuka. Mukasokoneza chimodzi mwa ziwirizi, ngakhale turbo yochokera m'katoni imadontha.

Masulani paipi yochoka ku air filter kupita ku turbo, muyang'ane ndi tochi. Ngati oyilo wayambira pomwe breather yalumikizana ndi paipiyo n'kutsetserekera m'kati, turbo ikungolandira zimene yapatsidwa, wolakwa ali kumbuyo. Lizani injini itenthe, masulani chivundikiro chothirira oyilo, muchisiye pabowo osamanga. Chikamavina kwambiri kapena kudumpha, utsi ukupuma pabowopo, mpweya ukudutsa pa maring'i a mapisitoni n'kudzaza sampu. Pamenepo pafunika compression test kapena leak-down test, zoyeza ngati masilinda akusunga mpweya, kuti mudziwe silinda yodwala. Mwagula turbo ziwiri injini ili ndi maring'i otha, mukuyembekeza chiyani? Pa Volkswagen ndi Audi za injini za petulo za TSI kawirikawiri ndi kalabala ka mu PCV valve, valavu ya pa breather, kamene kamang'ambika: injini imaimba mluzu, imanjenjemera ikaima, ndipo chivundikiro cha oyilo chimakakamira ngati wina akuchikoka m'kati. Kachipangizo kotchipa poyerekeza ndi turbo, koma ayi, inu mukufuna chachikulu. Safunsa adadya phula.

Ndiye pali ena, ndipo awa amandikwiyitsa zedi, akaona breather ikutaya oyilo amaitseka ndi bawuti. Mpweya wa mu sampu upite kuti? Uphulitsa ma seal, ukankha dipstick, ndipo oyilo wa turbo abwerera m'mwamba. Ena amathira mankhwala oletsa utsi n'kukagulitsa galimotoyo kwa munthu wosadziwa. Manyazi mulibe?

Paipi yobweza oyilo ku sampu, ija ya pansi pa turbo, ndi angati mwa inu munaimasulapo? Oyilo amalowa mu turbo mokankhidwa ndi pampu, koma potuluka amangotsika yekha ngati madzi m'ngalande. Paipiyo ikapindika, ikadzaza makala, kapena wina akapaka silikoni wambirimbiri pa gasiketi mpaka kutseka theka la bowo, oyilo amadzaza pakati pa turbo n'kusefukira mbali zonse ziwiri, ku mpweya ndi ku ekizosi. Silikoni pa mapaipi a oyilo a turbo! Anakuphunzitsani ndani? Gasiketi yatsopano, youma, basi.

Mukathana ndi zonsezi ndi pamene muigwire turboyo, injini itazima ndi kuzizira, kiyi ali m'thumba mwanu. Gwirani nati ya pa shafti yonyamula mapiko a turbo. Kugwedera pang'ono cham'mbali n'kwachibadwa, chifukwa shaftiyo imayandama pa oyilo, koma mapiko asakhudze khoma. Kukoka ndi kukankha m'kati ndi kunja, musamve kusuntha. Mapiko obenthuka, khoma lokalika, apo ndiye yafadi. Koma chaipha n'chiyani? Chinthu chozungulira maulendo opitirira 100,000 pa mphindi sichipirira oyilo wochepa kapena wakuda ngakhale kanthawi. Pa injini za 1.6 HDi ya Peugeot ndi 1.6 TDCi ya Ford, kasefa ka mu banjo bolt (bawuti yabowo yodutsa oyilo) ya paipi yobweretsa oyilo kamatseka ndi makala, turbo yatsopano n'kufa ngati yakale. Pa injini ya 1KD ya Toyota Hilux, mawashala a pansi pa ma injector opopera dizilo akatha, makala amalowa mu oyilo n'kutseka sefa ya mu sampu. Nanga inu amene mumathamanga kuchoka ku Lilongwe mpaka ku Blantyre, kufika n'kuzimitsa nthawi yomweyo, turbo ili psuu? Mphindi imodzi kapena ziwiri kuti oyilo aizizire zikukuchedwetsani kupita kuti?

Poika turbo ina, intercooler ichoke, ikhutulidwe, itsukidwe, iume gwaa, pamodzi ndi mapaipi onse. Mukatsukira petulo kapena thinners n'kubwezera isanaume, mwaipatsa injini ya dizilo chakudya china chothawira. Paipi yobweretsa oyilo ikhale yatsopano, oyilo ndi fyuluta zake zatsopano, air filter yatsopano. Thirani oyilo pabowo la pamwamba pa turbo mukuzungulitsa shafti ndi chala, zungulitsani injini osaiyatsa mpaka nyali ya oyilo izime, kenako ilire payokha mphindi zingapo musanaponde moto.

Injini ya dizilo ikathawa, kiyi alibe ntchito. Ngati ndi ya manual, lowetsani giya yapamwamba, pondani mabuleki mwamphamvu, siyani klachi kuti izime. Apo ayi tsekani polowera mpweya ndi thabwa. Dzanja ayi, nsanza ayi, ziyamwidwa. Chozimira moto cha CO2 chopopera polowera mpweya chimaizimitsa, madzi musayerekeze. Zikakanika, chotsani anthu, nanunso thawani, osati kuima pamenepo ndi foni kujambula.

Ngati kumasula intercooler kumakulemerani, turbo ya munthu musaikhudze.